Mwala wa apongozi pamzere wa chipatala

A Goliati Pitala anali mlimi wa thonje ku Chikweo, munthu wamtali, wofatsa, wa makolo ochokera kutsidya kwa Apwitikizi. Ulemu wawo unkadziwika mudzi wonse. Akaona apongozi awo aakazi, a Sakina, akubwera m'njira, ankapatukira m'tchire ngakhale muli chitedze, pakuti masiku amenewo mkamwini ndi apongozi sankaonana kumaso.

Chaka chotsatira njala ya 1949, mwana wawo Martina, wa zaka zisanu ndi chimodzi, anabayidwa ndi chitsa pamsongolo. Chilondacho chinanyeka mpaka kununkha. Dokotala ankafika ku chipatala cha mishoni kamodzi pamwezi, ndipo ankaona anthu makumi anayi okha. Mayi wa mwanayo anali ndi pakati potopa, choncho a Goliati anagulitsa tambala kuti apeze tiki, kandalama kolipirira jekeseni, nabereka Martina ulendo wa masiku awiri.

Pachipatalapo odwala ankaika miyala pamzere kusunga malo akapita kukamwa madzi. A Goliati anaima kumbuyo kwa mwala wina wofiira. Powerenga mitu, anali a makumi atatu ndi asanu. Mtima unakhala pansi.

Mwini mwalawo atabwera, anali a Sakina. Iwo anali atatsogola sabata yathayo kudzadikira mankhwala a maso, ndipo ankagona kwa abale awo pafupi.

Mayiwo anadziphimba kumutu ndi chilundu nathawira kuseri kwa mtengo wa mango. A Goliati nawonso anachoka, mwana ali kumsana, mpaka kumapeto kwa mzere. Anthu anasendera, mpata nkutsekeka.

"Inu atate ataliatali, bwererani pamalo panu!" anakuwa a Enock, othandizira dokotala. "Jekeseni alibe apongozi!"

Anthu anaseka.

"Iyayi, achimwene," anayankha a Goliati. "Ndiime pamene aima amayi? Alowe iwo kaye."

Koma a Sakina sanatuluke kuseri kwa mtengo, poganiza kuti asiyira mdzukulu wawo malo. Aliyense ankadikira mnzake. Dzuwa litapendeka, dokotala anatseka bokosi lake nakwera njinga yamoto. A Enock anatsuka chilondacho ndi madzi ofiirira, nachikulunga ndi nsalu.

"Jekeseni ali m'bokosi lija, atate. Mubwere mwezi wamawa."

Martina sanaufike mweziwo. Mwendo unatupa mpaka m'chiuno, ndipo anamwalira patapita masabata atatu, akupempha madzi.

Pobwera kumanda, a Sakina anayenda kudutsa bwalo lonse anthu akuona, nagwada pamaso pa mkamwini wawo, nkhope ili poyera. Maso awo anali otuwa, akuchucha misozi.

"Bambo, mukanangomutsitsa mwanayo, nkumuuza kuti pita kwa agogo ako. Ndikanalowa naye ine."

A Goliati anayang'ana nkhope imene anali asanaionepo zaka khumi za ukwati.

"Amayi, ndinaganiza zimenezo tili kale m'njira yobwerera."