Chaka Chimene Bowo la Singano Linandisowa

Ndinasoka pa khonde la sitolo ina pa Limbuli zaka zambiri ndithu, ngakhale chiwerengero chake sindinasunge. Makina anga anali akuda, opalasa ndi mapazi, amene malemu amuna anga anandigulira kwa kalaliki wina wa pa esiteti ya tiyi. Nthawi imeneyo tinkakhala m'nyumba za kampani, ndipo ndinayambira pakhomo pomwepo, kuika zigamba m'zovala za anthu othyola tiyi. Amuna anga atamwalira tinauzidwa kuti tituluke, poti nyumba ndi ya wantchito, si ya mkazi wake. Mutu wa makina ndinaukweza pa njinga ina, miyendo yake pa ina, ine ndi mwana wanga wamkazi tikutsatira wapansi. Umu ndi mmene ndinafikira pa Limbuli.

Pa khondepo tinalipo matelala awiri. Anzangawo anali bambo achisilamu, aakulu kwa ine, osoka mikanjo, mathalauza ndi mayunifolomu a ana asukulu. Ndinkawatcha achimwene, iwo n'kumanditcha achemwali, ngakhale chibale panalibe. Sanali olankhulalankhula. Lachisanu akapita ku mzikiti ndinkawayang'anira makina, ndipo ine lamba wa makina akandidukira ankangodzuka n'kulumikiza.

Chimene anthu ankanditsatira sichinali kusoka kwenikweniko, chinali kudula. Mayi ankatha kubwera n'kundifotokozera diresi limene analiona pa ukwati ku Blantyre, akujambula m'mwamba ndi manja, ine n'kumangomuyang'ana mapewa ndi msana. Akachoka ndinkatenga pepala la thumba la simenti, n'kulikuntha, n'kulisita, kenako n'kujambulapo ndi choko. Mapataniwo ndinkawasunga m'katoni, lililonse ndi chizindikiro chake: la aphunzitsi a phewa lotsika, la mayi ogulitsa nanazi, la anamwino aatali msana. Munthu akanenepa kapena kuwonda ndinkadziwira pa pepala lake iye asananene.

Zidutswa zotsala sindinkataya, ndinkaponya m'thumba. Ikafika Juni, chiperoni chitatsika m'phiri n'kuphimba msika wonse, makasitomala ankasowa, ndipo ndi pamene ndinkakhuthula thumba lija. Ndinkadula tizidutswato mofanana, tina ta ngodya zinayi, tina ta ngodya zitatu, n'kumalumikiza mpaka chituluke chofunda. Pakati ndinkaika bulangeti lakutha, kunsi kapulana, chitenje chija amabwera nacho anzathu a ku Mozambique. Kaikidwe ka mitundu ndinkayamba ndakajambula m'kope la masamu la mwana wanga. Kena ndinkakatcha khungu la nanazi, kena mizere ya tiyi, kena phazi la nkhuku. Ntchito imeneyi ndi imene ndinkaikonda kuposa zonse, ndipo ndi imene sinkandidyetsa. Anthu ankaima, n'kugwira, n'kuyamikira, kenako n'kukagula bulangeti pa kaunjika. Zofunda zambiri zinathera kwa abale ndi kwa odwala a kumpingo.

Kaunjikayo anatidya pang'onopang'ono. Madiresi odula ndekha anayamba kuchepa, ntchito n'kukhala yochepetsa chiuno cha siketi ya m'belo ndi kudula miyendo ya thalauza losokedwera munthu wamtali wa kutsidya kwa nyanja. Mwana wanga yemwe atakula anayamba geni yomweyo, kuyala zovala pansi tsiku la msika pa Limbuli ndi pa Milonde. Sindinamuletse. Ana ake ankadya chifukwa cha mabelowo, ndipo masiku ena inenso.

Za maso zinayambira pa singano. Tsiku lina m'mawa ndinanyambita ulusi, kulozetsa, ulusi n'kudutsa pambali. Kachiwiri, kachitatu, chimodzimodzi. Ndinanamizira mdima wa mitambo, n'kupempha achimwene kuti andilowetsere. Mawa lake ndinanamizira ulusi kuti ndi wa manyaka. Patapita milungu ingapo iwo anayamba kungobwera okha m'mawa uliwonse, kulowetsa ulusi, n'kubwerera pampando pawo. Sanandifunse, inenso sindinanene. Ndinagula magalasi pa msika, aja amayala pa tebulo limodzi ndi maloko ndi matochi, koma ankangondipweteketsa mutu. Kenako ndinaona kuti anthu akumanditulukira mwadzidzidzi. Munthu ankatha kuima pambali panga nthawi yaitali, ine osadziwa, mpaka atatsokomola. Wa kabaza wina anandigunda ndi chogwirira pa msewu, n'kumalumbira kuti ndinamulowera dala. Mwana wanga ndinamuuza kuti ndaterereka pa mjigo.

Ndinabisa chifukwa ndinkadziwa kuti telala wosaona sapatsidwa nsalu. Manja ankaidziwa ntchito, ndiye ndinkati andinyamula mpaka nditapeza chochita. Chochitacho sindinkachidziwa.

Chaka chotsatira, nandolo atayamba kuuma, kunabwera mayi wina wa ku Milonde amene ndinamusokera kuyambira ali mtsikana. Mwana wake woyamba ankachita chinkhoswe, ndipo anafuna kuti diresi la mwanayo ndidule ine, poti ndine ndinamusokera ngakhale la ubatizo. Nsalu anabweretsa inali yabuluu wakuda, yolemera bwino m'manja, yokhala ndi timbalame tating'ono touluka, tabuluu wowalirapo pang'ono. Anandiuza kuti anatumiza ndi amalume ake a mkwati kuchokera mkati mwa Mozambique, ndipo kuno sikupezeka. Inali yongokwanira diresi limodzi.

Ndikanakana. Mawu okana anafika pakamwa, koma panali patapita miyezi ndisanagwire nsalu yatsopano, ndipo nditaifunyulula n'kumva fungo lake ndinangotenga tepi n'kuyamba kumuyeza mtsikanayo.

Patani ndinajambula bwinobwino, ndipo mpaka lero ndimati linali labwino: khosi lozungulira, manja ofika pachigongono, siketi ya zigawo zisanu ndi chimodzi yotambasuka kunsi. Timbalame tija ndinkationa ndikayandikiza nsalu kumaso, koma ndikaiyala pa tebulo tinkasungunuka, yonse n'kungokhala buluu. Ndinaika chizindikiro cha choko kumutu kwa nsalu kuti ndisasokoneze. Mwina chinafufutika, mwina ndinatembenuza nsalu popinda, sindidziwa. Ndinadula, ndinasoka masiku atatu, ndinasita, n'kulipachika pa msomali wa pakhoma.

Achimwene anabwera kudzatenga nsimbi. Anaima pamaso pa diresilo nthawi yaitali kuposa mmene munthu amaimira poyamikira chinthu.

"Achemwali," anatero motsitsa mawu, "mbalame za kutsogoloku zikuulukira pansi."

Ndinalitsitsa n'kuliyandikiza kumaso. Zigawo ziwiri za kutsogolo zinali zozondoka, ndipo dzanja limodzi ndinalidula nsalu ili chakunsi, moti linali lotuwirapo kuposa linzake. Kunali kutatsala masiku awiri. Ndinasomola ulusi wonse, iwo akundithandiza, makasitomala awo akudikira. Koma chigawo cha siketi n'chopapatiza kumwamba, chotambalala kunsi, ndiye sungachitembenuze. Zotsala zinali tizidutswa tosakwana ndi kolala yomwe. Ndinayesa nzeru ya zigamba, kudula zigawozo pakati n'kuikapo lamba wa nsalu ina, koma ndinkadziwa kuti mwana wa munthu sangaime pamaso pa akuchimuna atavala chofunda.

Mayi uja anafika m'mawa mwake, yekha. Ndinamuuza zonse za diresilo asanakhale n'komwe pansi. Anatenga zigawozo, kuzitembenuza uku ndi uku. Ine ndinkadikira kuti akalipe, ndipo ndinali nditakonzeka kulandira. Kenako ndinamva achimwene akuti, "Musatero, mayi." Sindinadziwe chimene ankaletsa. Anandiuza pambuyo pake kuti mayiyo ankagwedeza dzanja pafupi ndi khutu langa lakumanzere, ine maso ali patsogolo, osaphethira.

"Amayi, zayamba liti?" mayiyo anandifunsa.

Ndinati chaka chatha. Anakhala pa benchi n'kundigwira bondo. Anati ndisadandaule, nsalu ndi nsalu, apita nayo ku Boma kwa mtsikana wina wa makina amagetsi aone chimene angapulumutse. Ndinamva kuti anapulumutsako bulauzi yokha, siketi anachita kugula ina. Ku chinkhosweko anandiitana, koma sindinapite. Patapita sabata ananditumizira nandolo m'kathumba.

Akanandinyoza, mwina anthu akanati ndi mkangano wa telala ndi kasitomala, zimachitika. Koma iye ankauza anthu mwachifundo kuti mayi aja maso awavuta, musamawavutitse ndi nsalu zodula. Chifundocho chinayenda msika wonse. Amene ankabwera tsopano ankabwera kudzandipepesa, nsalu zawo atazipinda m'chikwama kuti ndisazione, akupita nazo kwina.

Mwana wanga anamva kwa anzake a pa kaunjika. Anabwera pa khonde, osakalipa, n'kungonena kuti mawa tikwera minibasi. Ku chipatala cha ku Boma anandiyeza bwino, n'kundiuza tsiku lodzakumana ndi dokotala wa maso. Ine ndinkayembekeza kuti anena kuti ndi ng'ala, poti ndikudziwa anthu amene anawachotsa ng'ala n'kuyambanso kuwerenga. Dokotalayo, bambo wofatsa, anati si ng'ala. Anati ndi matenda amene amadya mtsempha wa diso mwakachetechete, kuyambira m'mbali. Anandipatsa mankhwala odontheza, nati angachedwetse chabe. Ndinafunsa ngati chimene chapita chingabwerere.

"Ayi, amayi," anatero. "Tingoteteza chimene chatsala."

Tinatenga mankhwalawo n'kukwera minibasi yobwerera.

Ndinapitirizabe kupita pa khonde miyezi ingapo, kusoka mizere yowongoka, mipendero ya zitenje ndi makatani, zimene mapazi ndi zala zimatha zokha. Tsiku lina singano inandiboola chala n'kuthyokera momwemo, ndipo achimwene ndi amene anaizula ndi pulayala. Atamanga chalacho ndi kansalu anandiuza, maso ali kumbali, kuti ndi bwino ndikapume. Ndinawapempha kuti atenge katoni ya mapatani. Anakana mwaulemu. Anati iwo sayeza akazi, ndiponso nawo manja ayamba kunjenjemera, chaka chamawa sakudziwa ngati adzakhalepo. Malo anga anatenga munthu wotchaja mafoni.

Ndinasamukira kwa mwana wanga. Ndinamupempha kuti ndimuphunzitse kudula maso asanatheretu, ndipo anavomera kuti andisangalatse. Anakhala nane masana atatu. Dzanja ali nalo, mwina kuposa langa pa msinkhu wake. Mkono wa bulauzi anaujambula kamodzi kokha n'kukhoza. Tsiku lachitatu anaika choko pansi.

"Amayi, ndikaphunzira ndizisokera ndani?"

Ndinafuna kumutchulira anthu, koma amene ndinawakumbukira anali akufa, okalamba, kapena makasitomala ake a kaunjika. Ndinangoti chabwino, apite akaone ana. Katoni ija tinaiika pansi pa bedi. Dzinja litatha ndinalowetsamo dzanja n'kupeza dothi. Chiswe chinali chitalowera kunsi. Mapepala apamwamba anatsala, koma sinditha kuwerenga zimene ndinalembapo.

Panopa ndimaona ngati munthu wosuzumira mu bango. Diso lakumanzere linatseka, lakumanja likadali ndi kadanga kakang'ono, ndipo mitundu yoyandikana, yakuda ndi yabuluu, yofiira ndi yakhofi, yonse ndi imodzi. Mankhwala ndimadontheza akapezeka. Zidutswa ndimalumikizabe pamanja, singano atandilowetsera amene wadutsa, koma sindidziwa chimene chikutuluka. Anthu amati n'chokongola. Akanatero ngakhale chikanakhala chonyansa.

Miyezi yapitayi amayi a kumpingo kwathu anagwirizana kuti ndiziwaphunzitsa kusoka zofunda za zigamba Lachinayi lililonse, pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi. Ndikuganiza kuti ankafuna kundichotsa m'nyumba. Komabe ndinakonzekera ngati mayeso. Ndinasankha zidutswa pozikhudza, zokhuthala pazokha, zopyapyala pazokha, n'kudula makatoni a sopo oyezera. Sabata yoyamba anabwera asanu ndi mmodzi. Ndisanayambe, mmodzi anafunsa ngati pali bungwe limene lidzagawe makina pamapeto pake. Ndinati palibe, pali singano ndi manja basi. Anaseka, n'kukhala mpaka kumapeto mwaulemu. Sabata yachiwiri anabwera awiri, wina n'kuchoka msanga kukagula chimanga chisanathe pa msika.

Sabata yachitatu mwana wanga anandiperekeza popita ku Milonde, n'kundisiya pa benchi ndi thumba langa. Ndinayala zidutswa pa chitenje monga mwa masiku onse. Ndinkamva njinga zikudutsa pa msewu, ina ikachepetsa liwiro ine n'kumakonza mpango kumutu. Dzuwa linasuntha mpaka mthunzi unandichokera. Ndinalongedza zonse, n'kukhalabe pomwepo, chifukwa msewu uja sindingauwoloke ndekha. Amene anadzandipeza ndi mayi wosesa m'tchalitchi. Anandigwira pa chigongono mpaka kunyumba, akundifotokozera za mbuzi zake zimene zinalowa m'munda mwa eni, ndipo za Lachinayi lotsatira sitinakambe.