Lezala m'jombo ya abambo

Ndikukumbukira bwino chaka chimene sukulu za pulayimale zinayamba kukhala zaulere, chifukwa ndi chaka chomwecho chimene ndinalowa Sitandade 1 ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, mtsikana wamtali kuposa onse m'kalasi. Tinkakhala m'mudzi wa kumtunda kwa Chimbiya, kumene mwezi wa Juni madzi a m'ndowa amaluma manja. Abambo ankalima mbatata ya kachewere ndi kabichi, ndipo anali atadwala matenda a shuga kwa zaka zingapo.

Matendawo anawalanda chinthu chimene anthu ambiri sachiganizira. Mapazi awo anachita dzanzi mpaka anasiya kumva. Munga, khala la moto, madzi otentha, zonse kwa iwo zinali chimodzimodzi. Anamwino a kuchipatala cha mishoni anawalembera malangizo m'kope lodula pakati, limene linali tikiti yawo ya kuchipatala. Kopelo ndili nalo mpaka lero, ndipo ndalitsegula polemba nkhaniyi kuti ndisawonjezere kanthu. Analemba kuti mapazi azitsukidwa tsiku lililonse ndi madzi ofunda amene munthu wina wayamba wawayesa ndi chigongono, azipukutidwa bwino pakati pa zala, zidendene zizidzoledwa mafuta kuti zisachite ming'alu, ndipo asamawotchedwe pamoto ngakhale kuzizire chotani. Mawu otsiriza anawadula mzere kunsi kawiri: munthu azipisa dzanja m'nsapato abambo asanavale, ndipo bala lililonse, ngakhale laling'ono ngati njere ya mapira, lizipita kuchipatala tsiku lomwelo.

Maso a amayi sankaona bwino zinthu zapafupi, choncho ntchito yonseyi inagwera ine. M'mawa ndinkagwedeza jombo za abambo ndi kupisamo dzanja mpaka kumapeto, madzulo ndinkawavula ndi kuwatsuka mapazi m'beseni. Ndinachotsamo timiyala, chitsononkho, ndipo tsiku lina chinkhanira chakufa.

Kusukulu anatigawira mapensulo odula pakati. Chosongolera panalibe, ndiye mwana amene anali ndi lezala anzake ankamunyengerera ngati mwana wa mfumu. Ine ndinali ndi theka la lezala imene abambo anasiya kumetera ndevu. Mlongo wanga wamng'ono, Pasikale, anali ndi dzanja lalitali, ndipo anali atandibera kale kawiri. Ndinasinkhasinkha malo amene iye sangafikeko, mpaka ndinawapeza. M'jombo za abambo simunkalowa dzanja la munthu wina koma langa. Madzulo ena ndinakulunga lezalayo m'kapepala kong'amba m'kope langa, ndi kuiponya m'jombo ya kumanzere, ndikudziuza kuti m'mawa ndiichotsa monga mwa masiku onse.

M'mawa mwake kunadzuka nkhungu yoti nkhokwe siinkaoneka. Abambo anafulumira kuposa masiku onse, chifukwa anamva kuti ogula mbatata abwera ndi galimoto pa Chimbiya. Ine ndinali m'khitchini, manja ali pamoto, mano akugundana.

“Felesiya! Jombozi wayang'anamo?”

“Eya, ndayang'anamo,” ndinayankha osadzuka n'komwe. Pakamwa panangoyankha pokha, mutu uli pa kuzizira.

Ndinakumbukira za lezala ija dzuwa litakwera, pensulo itathyoka pakati pa masamu. Ndinapisa m'thumba la diresi, koma munalibe kanthu. Aphunzitsi ankalankhula koma sindinkamva. Ndinkangoona abambo akuyenda pambali pa ngolo, akunyamula matumba, akuseka ndi anzawo, phazi likutsikira pa lezala ulendo uliwonse. Ndinkadzitonthoza kuti mwina kapepala kaja kagwira. Kuthawa m'kalasi ndinaopa, kuwauza aphunzitsi ndinaopanso.

Abambo anabwera dzuwa litapendeka, ali okondwa, atatigulira buledi. Anakhala pampando wawo pakhonde ndi kutambasula miyendo. Jombo ya kumanja inavuka bwinobwino. Ya kumanzere inakanirira, kenaka inatuluka ndi phokoso longa la mwendo ukamazuka m'matope. Sokosi inali yakuda, yolemera, ndipo fungo la magazi linandimenya kumaso.

“Chavuta n'chiyani, wangoti kakasi?” anafunsa abambo. Sankamva kanthu.

Ndinanyamula jomboyo ndi kuthamangira kuseri kwa nyumba ngati ndikukaitsuka. Nditaizondotsa, lezala inagwera m'fumbi yopanda kapepala kake. Ndinaitola ndi kukaiponya m'chimbudzi. Pa zonse zimene ndinachita m'masiku amenewo, ichi ndi chimene ndimadzikwiyira nacho kwambiri, chifukwa sichinali kuiwala ayi. Ndinachichita ndikudziwa.

Pansi pa phazi, kufupi ndi zala ziwiri zazing'ono, panali mabala atatu owongoka, oyandikana, ngati mphini. Amayi anafufuza jomboyo kunja konse, kenaka anathiramo madzi kuti aone ngati ikudontha. Siinadonthe ngakhale dontho limodzi.

“Munthu angachekeke bwanji m'kati mwa jombo yopanda bowo?” anafunsa motsitsa mawu. “Felesiya, m'mawa unapezamo chiyani?”

“Munalibe kanthu, amayi.”

Amayi anati kukacha apite kuchipatala. Abambo anakana, nati sakumva kupweteka, ndiponso mbatata ina inali yokumbakumba pamunda, ikuyembekeza akuba. Anamanga nsanza n'kupita kumunda. Tsiku lachitatu phazi linatupa moti silinalowenso m'jombo, ndipo tsiku lomwelo kunafika azakhali, mlongo wawo wa abambo, kuchokera kwawo cha ku Linthipe. Mbiri inali itawapeza.

Apa ndiyenera kufotokoza chinthu chimodzi. Abambo anali mkamwini m'mudzi wa amayi, ndipo chaka chimenecho anakanganapo ndi amalume a Kalisito, mlongo wawo wa amayi, pa za ngalande yothirira kudimba. Unali mkangano wa tsiku limodzi, koma azakhali anaugwiritsitsa. Atayang'ana mabala aja anawomba m'manja kamodzi.

“Izi si za shuga izi. Shuga amatema mphini? Alamu, m'mudzi mwanu muno mlongo wanga amutchera. Ndipo musayerekeze kupita naye kuchipatala. Bala lotchera likalasidwa jakisoni, munthu safika madzulo.”

Amayi anayesa kutchula za m'kope lija. Azakhali anawafunsa ngati akufuna kuteteza mbale wawo kapena mwamuna wawo. Kunabwera mankhwala akuda osakaniza ndi phulusa, ochokera kwa munthu amene sindinamuone n'komwe, ndipo anamatidwa pabala ndi kumangidwa ndi chiguduli. Mpaka lero ndikaganiza za phulusa lija mtima umandiwawa. Panali pepala lolembedwa momveka, lodulidwa mzere kawiri, koma akuluakulu atatu analisiya patsindwi n'kumvera mawu a munthu amene analankhula mokweza kuposa onse. Ndikunena izi ndikudziwa kuti amene anawapatsa mpata ndinali ine.

Ntchito yotsuka mapazi siinandichoke. Madzulo alionse ndinkamasula chiguduli, ndipo tsiku lililonse ndinkaona chimene ena sankachiona. Mabala atatu aja anasanduka limodzi. Mafinya anayamba kutuluka, fungo linaitana ntchentche, ndipo kachala kotsiriza kanayamba kuda ngati nthochi yopsa kwambiri. Pamwamba pa phazi panali kufiira kotentha kumene kunkakwera. Ndinkakumbukira tsiku limene ndinaperekeza abambo kuchipatala, anamwino atagwira kakolo wawo ndi kunena kuti kufiira kukadutsa apa, nkhani siikhalanso ya phazi koma ya mwendo. Ndinayamba kuyeza ndi zala zanga. Tsiku lachinayi panatsala zala zinayi kuti kufike pa kakolo. Tsiku lachisanu panatsala zitatu.

Chakudya chinkandikanika. Kusukulu ndinkangokhala, pensulo yosasongola ili m'manja. Ndinkaopa kumenyedwa, inde, koma chimene ndinkaopa kwambiri chinali nkhope ya abambo akadziwa kuti mwana amene anamukhulupirira anayankha “eya” ali pamoto. Amalume a Kalisito anasiya kudutsa pakhomo pathu. Ana awo anandiloza chala kuchitsime, nati kwanu mukutcha abambo athu mfiti.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi abambo sanatuluke panja. Thupi linatentha, ankanjenjemera m'bulangete masana, ndipo anadandaula za mwanabere. Ndinalowa ndi beseni dzuwa likadalipo. Nditamasula chiguduli ndinayeza, ndipo panatsala chala chimodzi chokha.

“Likuoneka bwanji lero?” anafunsa abambo. “Usandinamize. Ine sindilimva, ndimva kwa iwe.”

Mawu amenewo ndi amene anandithyola. Ndinagwada pomwepo ndi kunena zonse, kuyambira kwa Pasikale, kapepala, moto wa m'khitchini, mpaka chimbudzi. Ndinkayembekeza khofi. Abambo anayang'ana kudenga.

“Ndiye kuti a Kalisito tawasenzetsa mtolo wa eni,” anatero. “Pita ukawaitane. Uitanenso amako ndi azakhali ako. Ukanene wekha, ndi pakamwa pakopo.”

Ndinanena kachiwiri pabwalo, pamaso pa onse. Amayi anagwira pakamwa. Azakhali anaseka mopanda chimwemwe.

“Mwamuphunzitsa bwino mwanayu. Nanga lezalayo ili kuti? Yalowa m'chimbudzi, eti? Pabwino pobisa umboni.”

Amalume anapempha jombo ija, natulutsa mpeni wawo wa kudimba, n'kuing'amba kuyambira pamwamba mpaka kuchala. Anaitambasula padzuwa kuti aliyense aone. Nsalu ya m'kati inali yochekekachekeka tizidutswa towongoka, ndipo kumapeto kwenikweni kunali kapepala kofiirira ndi magazi ouma, katamatirira. Atakatambasula pang'onopang'ono, panaoneka mizere ya kope la sukulu ndi manambala anga okhota, 2 woyang'ana chammbuyo monga ndinkalembera masiku amenewo.

“Ufiti wanga ndi uwu, azakhali ake a Felesiya,” anatero amalume. “Umalemba masamu a Sitandade 1.”

Palibe anaseka. Amalume anapita okha kukamanga ng'ombe zawo pangolo, anayala matumba ndi bulangete, n'kuwanyamula abambo ngati mwana. Azakhali anaimirira pakhomo akunenabe za jakisoni, koma amayi anawadutsa atanyamula kope lija osawayang'ana. Ine ndinakwera kumbuyo, phazi lili pamiyendo panga kuti lisagundike m'miyala. Njira yotsikira kumsewu ndi ya mabampu, ndipo bampu lililonse ndinkafuula ine, osati iwo. Titafika pamsewu amalume anaimitsa galimoto ya matola.

Kuchipatala cha kuboma adokotala atamasula chiguduli anatembenuzira nkhope kumbali. Anafunsa kuti bala lakhala masiku angati, ndipo amayi atayankha, anafunsanso kuti phulusa anathira ndani. Kenaka anati ayesetsa kupulumutsa mwendo koma sakulonjeza. Tinakhala pabenchi ya panja, ine ndi amayi. Sanandimenye, sananditukwane. Ndikanakonda akanandimenya.

Abambo anagona m'chipatala milungu isanu, monga zalembedwera m'kope. Anatuluka ndi mwendo wawo ndi phazi lawo, koma zala ziwiri zazing'ono anazisiya komweko. Mbatata ya chaka chimenecho inawolera pamunda. Azakhali sanapondenso m'mudzi mwathu mpaka pa maliro a abambo, patapita zaka zambiri, ndipo kupepesa kwa amalume sanapepese.

Madzulo oyamba atabwerera kunyumba, ndinabisala m'khitchini poganiza kuti ntchito ija apatsa wina. Ndinamva akuitana.

“Felesiya, madzi aja afunda?”

Ndinabwera ndi beseni, maso ali pansi. Anatambasula phazi lija, lofupika mbali imodzi, ndi kuliika m'manja mwanga.

“Kuiwala aliyense amaiwala,” anatero. “Koma ukaona kanthu, uzinena dzuwa lisanalowe.”

Za nkhaniyi sanalankhulenso moyo wawo wonse.

Lero ndili ndi zidzukulu, ndipo m'mudzi mwathu odwala shuga achuluka kuposa kale. Ndimapsa mtima ndikamva kuti wina wagona m'nyumba sabata yathunthu ndi bala la kuphazi, abale ali kalikiliki kufunafuna amene wamutchera, pamene phazi likuwola m'chiguduli. Ndimapita ndithu, ngakhale asandiitane, ndipo ena amanditcha wamwano. Ndimawauza nkhani yanga yonse osabisa mbali yanga, chifukwa ndinakhala zaka zambiri ndikuganiza kuti tchimo langa linali lezala. Tsopano ndikudziwa kuti lezala inangocheka khungu, bala loti anamwino akanalitsuka ndi kulimanga tsiku lomwelo. Zala ziwiri za abambo anga zinadyedwa ndi masiku asanu ndi limodzi amene ndinakhala chete.