Wufa Yaikulu Imene Amuna Anga Anasankha

Chaka chimene amuna anga anayamba misala ya mawufa, zimabokosi zogunditsa nyimbo m'galimoto zija, ine ndinali nditatsimikiza kale mumtima kuti pali mkazi. Munthu wa imvi, amene anakalambira pakati pa makina kufakitale mpaka kugula kagalimoto kake ka takisi, angayambe bwanji kufuna nyimbo zogwedeza malata ngati mnyamata wa kusekondale? Akamatuluka m'mawa kwathu ku Estates, agalu a mzere wonse ankauwa, ndipo mayi wa nyumba yoyandikana nafe anasiya kundipatsa moni.

Zizindikiro zina zinalipo. Ndikaimba foni sankayankha, ati sanaimve, chonsecho ili m'thumba la malaya. Anayamba kukonda zolemberana mauthenga, munthu amene kale ankati zala zake n'zazikulu. Ndikawaitana ndili kukhitchini, kuli zii, mpaka ndibwere ndidzaime pamaso pawo. Koma chimene chinkandiwawa kwambiri ndi maso awo. Mkazi aliyense akamawalankhula, kaya wogulitsa nsomba wa ku Chanyanya, kaya mtsikana wothira mafuta m'galimoto, iwo maso dwii pamilomo pake, osaphethira, ine ndili pomwepo. Ndinkapsa mtima. Ndinkaona kuti mwamuna akundichoka m'manja, ndipo ndinkafuna kumudziwa amene akumutengayo.

Ndiye Loweruka lina atanena kuti wufa ya m'buti yachepa mphamvu, akukasankha ina, ndinamanga chitenje n'kukalowa m'galimoto asanandiitane.

"Muyenda kuti imwe?" anafunsa.

"Kwamene muyenda," ndinatero. "Nifuna nikamuoneko naine uyo wamene amakugulisani mawufa yosasila."

Anangogwedeza mutu n'kuliza injini. Nyimbo inayamba, mpando wanga n'kumanjenjemera, mano akugundana. Sitinalankhulane mpaka m'tauni, ndipo ngakhale tikanafuna sizikanatheka.

Ndinkayembekezera kupeza mkazi wa zikhadabo zopenta. Ndinapeza bambo wandevu, wa mimba yake, atakhala m'kontena ya dzimbiri kuseri kwa msika, mabokosi a zokuzira mawu ataunjikana mpaka kudenga. Mtima sunatsike ayi. Ndinati uyu ndi mkhalapakati, ndiye amawasungira zinsinsi, chifukwa anawalandira amuna anga ndi chiseko cha anthu odziwana bwino.

Kuno wufa saigula ili m'katoni. Wogulitsa amailumikiza ku batire ndi ampu, wogula amapereka nyimbo yake, kenako onse amabwerera m'mbuyo kukamvetsera ali patali. Amatero kuti amve ngati besi, kugunda kwa mawu akuluakulu kuja, ikutuluka yoyera kapena ikukhosomola, chifukwa zina zimakhala zopsa kale, anangozimanganso n'kuzipaka utoto. Madalaivala awiri amene tinawapeza pamenepo anachita zomwezo. Anakaima kutsidya kwa ngalande, mitu atapendeketsa, n'kumatsutsana.

Amuna anga okha anapita kutsogolo. Anaika chikhatho pa bokosi loyamba, anakhala kaye, n'kupukusa mutu. Pa lachiwiri anachita chimodzimodzi. Atafika pa lachitatu, chimphona cha bokosi, anagwada pafumbi ndi buluku lawo labwino, n'kutsamiritsa chifuwa pa thabwa. Nkhope yawo inamasuka mmene ndinali ndisanaionere kwa nthawi yaitali. Ndinachita manyazi, ndinachitanso nsanje, nsanje ya bokosi.

Wandevu uja anatsitsa nyimbo. "Ba mudala, iyo ni fifitini inchi," anatero. "Idya batire maningi, na malaiti yazayamba kuzima-zima. Tengani twelofu, ndiye ya masiku yonse. Manje iyi ikazaza buti yonse, azimai ba ku Shimabala bazaika kuti matomato yao?"

"Eee, iyo yamene," anayankha amuna anga.

"Nanga bokosi, mufuna yotseka ponse olo ya chiboo?"

"Eee."

Funso la kusankha, munthu n'kuyankha kuti eee. Ndinawayang'ana kuti ndiwadzudzule, ndipo ndinaona maso awo. Anali dwii pamilomo ya bambo wandevuyo, osaphethira, mmene ankachitira ndi wogulitsa nsomba uja. Milomo yosweka, yobisika m'ndevu, yopanda chilichonse choti munthu n'kusirira. 

Ndinayamba kumuyang'anitsitsa wogulitsayo. Akamalankhula ndi ine ankalankhula wamba, uku akukokera mawaya. Akamalankhula ndi amuna anga ankasiya zonse, n'kutembenuza nkhope, n'kumatsegula pakamwa kwambiri, zala zikuthandizira. Bamboyu ankadziwa chinachake chimene ine, wogona nawo nyumba imodzi, sindinkachidziwa. Mpaka lero sindinagamule ngati ankawachitira chifundo kapena anangopeza kasitomala amene sadzakhuta phokoso. Ndikamudutsa pamsika ndimamupatsa moni wa pakamwa pokha.

Anatenga fifitini yomweyo. Chibokosicho chinadzaza buti, koma sanachilumikize, ati pakufunika waya wonenepa umene ubwera kuchokera ku Lusaka. Bokosi lakale analikhazika pampando wakutsogolo n'kulimanga lamba, ine n'kukhala kumbuyo ngati pasinjala. Tinanyamuka galimoto ili chete, dzuwa lili pamutu.

Titadutsa njanji ndinati, "Imwe."

Sanatembenuke.

"Imwe, atate bake bana," ndinatero mokweza pang'ono. Khosi lawo silinasunthe. Ndinkaona kuseri kwa makutu awo, ndi imvi zimene ndinawameta ndekha.

Ndinayesa zimene mwamuna aliyense angadumphe nazo. Ndinati ndikudziwa za mkazi wawo, ndinati mawa ndikulongedza katundu ndibwerere kwathu ku Chipata. Iwo anapatsa moni dalaivala wa minibasi ndi hutala, n'kupitiriza ulendo. Apa ndinalakalaka akanakhala kuti akunamizira. Ndinalakalaka atembenuke andikalipire, ngakhale avomere kuti mkaziyo alipo, chifukwa mkazi ndikanadziwa mmene ndingalimbanire naye.

Pa mahampu anayang'ana pagalasi n'kuona milomo yanga ikuyenda.

"Mwakamba chani?" anafunsa.

Ndinawagwira phewa n'kuloza kumbali kwa msewu. Anaimika pansi pa mtengo. Ndinatsika, ndinazungulira, n'kukaima pawindo lawo kuti andione bwino pakamwa.

"Simumvela," ndinatero. "Munayamba liti?"

Anayang'ana chiwongolero. Kenako anati, "Osauzako munthu ku ranki ya matakisi. Nindani azakwela motoka ya munthu wamene samvela hutala? Nikaika nyimbo pamwamba, kasitomala sakamba na ine, amangosonta na chala kwamene aselukila mu motoka. Bonse baganiza ati mudala akonda chabe chongo."

Ukali unandikwera mpaka m'maso. Ndinawauza kuti analola mzere wonse undiseke, analola ine ndigone ndi mtima wowawa miyezi yonseyi, kusiyana n'kunena mawu amodzi. Ndinati Lolemba tikupita kuchipatala, afune asafune, ndipo galimoto iyamba yaima kaye. Sindikudziwa kuti anagwirapo zingati pa zimene ndinanenazo, chifukwa ndikakwiya ndimalankhula mothamanga.

Anadikira mpaka nditatha. Ndiye anandigwira dzanja limene linali pachitseko.

"Besi niimvela mu chifuba," anatero. "Mau ya bamuna nimagwilako pang'ono. Koma yanu ndiye yanayamba kusoba. Nimaona chabe kuti mukamba."

 Ndinaima pamenepo malole a ku Chirundu akudutsa, amuna anga akundiyang'ana pamilomo, kudikira.