Kompyuta Inakana Kuyaka, Disiki Ili pa Njinga ya Mlamu

Inu amene mwagwira tsaya lero, tamvani za mayi wina wachitsikana.

Mwamuna wake atamwalira, abale anagawana katundu, iye n'kutsala ndi mwana woyamwa komanso kompyuta yakale imene aliyense anainyoza. Sukulu anali ataisiyira panjira, koma zala zinali zochangamuka. Anapempha malo pakhonde la telala, n'kumalembera anthu makadi a ukwati.

Lolemba lina kompyuta ija inakana kuyaka. Imangolira pang'ono, galasi bii. M'katimo munali makadi a ukwati wa Loweruka la sabata yomweyo.

Anaisenza pamutu, mwana kumsana, mpaka kwa wokonza.

"Disiki imene inabwera nayo ili kuti, mayi? Popanda imeneyo ndifufuta zonse."

Disiki anaipezadi, koma itawonongeka. Mlamu wake anali ataikhomera ndi msomali kumbuyo kwa njinga kuti izinyezimira.

"Aaa, alamu, ine ndimayesa kagalasi! Komatu magalimoto amandiona bwino."

Apongozi ake sanazungulire. "Mwana wanga, zamakinazi zakukana. Pita ukagwire ntchito ya m'nyumba kutali uko, mwanayu umusiye kuno."

Kusiya mwana wa kubere? Iye anapukuta misozi ndi chitenje, n'kutenga foni yake yosweka galasi. Anafufuza mavidiyo a okonza makompyuta. Chingerezi cha munthu wa m'vidiyo ina chinali chothamanga, ndiye anasiya kumvera pakamwa, n'kumayang'ana zala za munthuyo. Kuimitsa, kubwereza, kuimitsanso, uku akuyamwitsa. Anatolapo chimodzi: fulashi ikhoza kugwira ntchito ya disiki.

Anakachonderera mnzake wa pafotokope kuti amubwereke kompyuta yake, nakopera pulogalamu yoyatsira mu fulashi. Anabwerera pakhonde. Kulowetsa fulashi, kuyatsa: bii. Kuyatsanso: bii.

"Mlongo, imeneyo yatisiya," anatero telala. "Ndisoke nsalu yoikulungira?"

"Sokani zanuzo, achimwene. Maliro sindinalengeze."

Anabwereza vidiyo ija mpaka anaona chimene chinkamudutsa. Munthuyo ankadinadina batani lina kompyuta ikangoyamba kulira, kuti iyambire pa fulashi. Nayenso anadina, ngati akugogoda pakhomo pa munthu wogona tulo tofa nato.

Galasi linawala.

Pakati panali mawu akuluakulu oti aike zonse zatsopano. Chala chinafuna kuthamangira pomwepo, koma anachigwira: njira imeneyo ikanatha kumeza makadi aja. Anayang'ana bwino, napeza timawu tating'ono pakona toti akonze zimene zilipo. Anadina pamenepo. Kompyuta inaganiza, inaganiza, mwana mpaka anagona.

Kenako inayaka. Makadi onse ali mbwee, palibe losowa.

Telala anaimitsa makina, anavula tepi yake m'khosi, n'kumuveka ngati mendulo. "Kuyambira lero ndinu adokotala!"

Lachisanu eni ukwati anatenga makadi awo. Nkhani inawanda mumsewu monsemo, ndipo lero anthu amamusenzera makompyuta okana kuyaka. Mwana uja sanapite kulikonse. Amasewera pansi pa tebulo la mayi ake, n'kumakoka mawaya.

Mayi mnzanga, bambo mnzanga, akakuuzani kuti popanda chakutichakuti sizitheka, musathamangire kulongedza. Funsani, yang'anitsitsani, yesaninso. Zikakana lero, mawa mudzuke nazo. Osataya mtima, manja anuwo akadali ndi ntchito.