Tsiku limene ba Esinati analowa m'khola

Ndikukumbukira holide ya mu Ogasiti ija ku Chinyunyu, mphepo ikuulutsa fumbi ndi makoko a chimanga, pamene mkulu wanga, ba Esinati, anatsika minibasi pamsewu ataonda ngati wodwala malungo. Ankaphunzira za udokotala wa ziweto ku koleji, ndipo mudzi wonse unkawatcha kale ba veti. Ine ndinali kamtsikana ka giredi faifi.

Ba vetiwo anali atalephera mayeso. Zolemba anakhoza, poti mutu anali nawo. Chinawagwetsa ndi mayeso a manja, oyeza ngati ng'ombe ili ndi bere. Anawalola kubwereza kamodzi kokha, akalepheranso basi, abwerere kudzagwira khasu. Aphunzitsi awo anawauza kuti asiye kuloweza buku ngati katekisimu. Chimene wawerenga m'mawa uchigwire ndi dzanja tsiku lomwelo, ndipo uchifotokozere munthu wina mpaka amve. Munthu winayo ndinali ine. Ndinamva za chiberekero cha ng'ombe potsuka mbale, potunga madzi, pakudya pomwe, mpaka nyama inayamba kundinyansa.

Nanga dzanjalo agwire nalo chiyani? Atate anachokera kum'mawa ndi ng'ombe zawo pamodzi ndi mwambo wake: mkazi salowa m'khola. Ankati akalowa, ng'ombe zimataya bere, naye mkaziyo sadzaona mwana. Anyamata a m'kalasi mwawo anakula akuweta, koma ba Esinati, mwana wa mwini ng'ombe, anali asanakhudzepo ngakhale mchira.

Tsiku lina atate atakwera njinga kupita kumsewu, ng'ombe zisanatseguliridwe, ba Esinati anandikoka mkono. Ndinalowa m'khola, ndowe zofunda zikutulukira pakati pa zala zanga zakumapazi, ndikudikira kuti mimba indipotokole pomwepo. Anamangirira pamtengo Maluwa, ng'ombe yofatsa kuposa zonse, nandigwiritsa mchira. Kenako anavala golovesi ya pulasitiki yofika paphewa, naipaka sopo. Ine ndinkayesa kuti azisisita pamimba.

Mkono unalowa kotulukira ndowe. Unalowa mpaka chigongono, nupitirira, mpaka tsaya lawo linatsamira pathako la ng'ombe, maso atatseka ngati ali pa Misa. Mayo ine! Ndinauma gwa. Munthu amene sankadya mango osatsuka, amene amai ankamunyadira kuti adzavala khoti loyera, anali atamira m'ng'ombe.

Ndinamva njinga ikugwa. Tayala linali litaphwa panjira, ndipo atate anabwerera akuikankha. Anaima pakhomo la khola kukamwa kuli yasa.

"Esinati," anatero motsitsa mawu, "ndiye sukulu yake ni iyi?"

"Ni iyi, atate." Mkono sanautulutse, koma misozi inkayenderera. "Buku ikamba kuti nimvele mwana. Sinimvela chilichonse. Nikafeluka futi, kwasila."

Ndinatsinzina kudikira mkwapulo. M'malo mwake ndinamva mipiringidzo ikusuntha, kenako dzanja lokhakhala linandilanda mchira uja.

"Uzamvela bwanji mwana?" anatero atate. "Iyi inabala mwezi watha. Chotsa dzanja. Mangilila Chitedze uyo, inakweledwa pa Isitala."

Kunena zoona, apa ndi pamene ndinazizwa kwenikweni, kuposa za mkono zija. Atate anga, ogwirira mwana wawo wamkazi mchira wa ng'ombe m'khola mwawo! Ba Esinati analowetsanso mkono, napapasa m'katimo, kenako anafuula kuti chinachake chawagunda pazala. Atate anangoti afulumire anthu asanaone.

Holide yonse inatha choncho. M'mawa atate ankaloza ng'ombe osanena kanthu, ba Esinati nkuyeza nkupereka yankho, atate nkuti "walasa" kapena "bodza". Ankadziwa za ng'ombe iliyonse pamtima, ndipo pochonga analibe chifundo. Ba Esinati anabwerera ku koleji ndipo anakhoza.

Koma mudzi uli ndi maso. Mvula itayamba, ng'ombe imodzi inataya bere, ndipo mng'ono wawo wa atate anabwera kudzanena poyera kuti khola laipitsidwa ndi ana aakazi. Atate sanapepese. Mng'ono wawoyo anatulutsa ng'ombe zake zimene zinkagona m'khola mwathu, napita nazo.

Masiku ano ophunzira amaonera zonsezi pafoni asanafike n'komwe ku koleji, ndipo atsikana kwathu amakama mkaka popanda wotembenuza khosi. Ndikawauza nkhaniyi amaseka, amayesa inali nkhani ya ndowe chabe. Sadziwa kuti amuna awiri obadwa mimba imodzi, amene anayenda limodzi kuchokera kum'mawa akukusa ng'ombe, sanadyerenso mbale imodzi mpaka atate anamwalira.