Mbale ya a Nuriye

Kuno ku Tarsus mbale siibwerera kwa mwini wake yopanda kanthu. Ngakhale mwana woyamwa chala amadziwa zimenezi. Mnansi akakupatsirani nyemba, mbale ija mumaitsuka, n'kuikamo chophika ndi manja anu, n'kukaitula. Ndiye mukuyesa bambo Remzi sankadziwa? Ankadziwa bwino lomwe, ndipo kudziwako n'kumene kunawagwetsa m'mavuto.

Bambowa anali dalaivala wa minibasi moyo wawo wonse. Kuyambira ndevu zisanamere mpaka maso atayamba kuchita nkhungu, ankayenda msewu umodzi womwewo, kuchoka kumsika kukafika kufakitale ya thonje, n'kubwerera. Tauni yonse ankaidziwa, koma ankaidziwira pagalasi. Moni pagalasi, kukalipa pagalasi, ngakhale kupepesa maliro pagalasi pomwepo. Mukakumana nawo atatsika, maso ndi maso, munthu wamkulu uja ankasowa poyang'ana n'kuyamba kuseweretsa makiyi m'thumba. Ntchito yolankhula ndi anthu anaisiyira akazi awo, mayi Melahat, ndipo kunena zoona mayiwo ankaigwira mokwanira anthu awiri.

Kutsidya kwa kamsewu kawo kopapatiza kunkakhala a Nuriye, mayi wamasiye. Malemu amuna awo anali mnzawo wa a Remzi wa ponda apa nane m'pondepo, n'chifukwa chake awiriwa ankaitanana kuti alamu. A Nuriye ndi a Melahat anakwatiwira m'kamsewu kameneka ali atsikana, anakalambira momwemo, ndipo mbale zawo zinawoloka kamsewuko kambirimbiri mpaka zina kuiwalika kuti mwini wake ndani.

Nyengo yotentha ikafika, dzuwa lathu loswa mtengo lija, palibe mayi amafuna kuima pamoto masana. Apo m'pamene kisiri amalamulira, saladi wathu wa buluguru, tirigu uja wowiritsa, kuyanika ndi kusinja. Amayi ankasonkhana kwa a Melahat dzuwa likapendeka, beseni pakati, miseche ili mkati. A Remzi akangosuzumira, ankamva, “Tulukani inu, izi si za amuna!” Ankapita kukakhala pakhonde, ndipo gawo lawo linkawapeza komweko litakulungidwa m'tsamba la letesi. Anadya kisiri ameneyu mpaka imvi mbuu, osaonapo ngakhale kamodzi mmene amapangidwira.

A Melahat anamwalira chaka chatha, thonje litangoyamba kuthyoledwa. Masiku a maliro mbale zinadzaza nyumba, pakuti namfedwa saphika. Mwana wawo wamkazi anabwera kuchokera ku Germany, ndipo asanabwerere anabweza mbale zonse, iliyonse ndi kanthu, monga anamulerera mayi ake. Koma imodzi inabisala kumbuyo m'firiji. A Remzi anaipeza nyumba itatsala zii. Inali yoyera ya mzere wabuluu m'mphepete, yobenthuka pang'ono mbali imodzi, ndipo sanachite kufunsa kuti ndi ya ndani.

Anaitsuka, naipukuta, nafika nayo mpaka pakhomo. Dzanja lili pachitseko anamva mawu a malemu akazi awo m'mutu mwawo: “Inu, mukufuna mundichititse manyazi ndili m'manda?” Anabwerera. Mawa lake anakagula maswiti a uchi kusitolo, nawayala bwinobwino m'mbale muja, koma mawu aja anabweranso: zogula timapatsa alendo, mnansi timamuphikira. Maswitiwo anadya okha, ataimirira. Nanga akanaphika chiyani munthu amene ankakhalira buledi, tchizi, maolivi ndi tiyi?

Mawa, mawa, mpaka mwezi kutha. Manyazi nawo sakhala malo amodzi, amakula. Poyamba zinali zoti mbale yachedwa, kenako zinafika poti munthu sangaonetsenso nkhope. Tsiku lina a Nuriye anawaona akutuluka n'kufuula, “Mwadzuka bwanji alamu?” A Remzi anaweramira makiyi awo ngati sanamve, n'kukhota pakona msangamsanga. Kuyambira pamenepo anayamba kutulukira kakhomo ka kuseri, ndipo zenera loyang'ana kutsidya analitseka. A Nuriye anayesanso kangapo, kenako nawonso anasiya.

Nyengo yozizira anaithera m'nyumba, akumvera wailesi imene sankaimva. Kutafunda anayamba kupita kusiteji ya maminibasi kukakhala pabenchi, koma madalaivala a masiku ano sankawadziwa, ndipo wina anachita kuwafunsa kuti, “Agogo, mwasochera?” Mwana wawo akaimba foni ankamuuza kuti zonse zili bwino. Linali bodza. Bambo Remzi anali osungulumwa koopsa. Munthu yekhayo amene akanakamba naye za a Melahat n'kumvana anali pafupi, poti ukhoza kumva akutsokomola, koma pakati pawo panali mbale.

Nkhani anaimva kwa Sabri, wogulitsa ndiwo zamasamba pakona, munthu wosasunga mawu m'kamwa. Kunali kutatenthanso, mavwende ataunjikidwa mpaka mumsewu.

“Achimwene, alamu anu aja mwatsanzikana nawo?” anafunsa Sabri uku akuthira madzi pa letesi. “Akusamuka Loweruka. Mawondo akana, ndiye mwana wawo akuwatengera ku Bursa. Nyumba akuitseka.”

Ku Bursa! Ulendo wa tsiku lonse pabasi, ndipo nkhalamba ikapita kotero sibwerera ndi miyendo yake. A Remzi anaona poyera kuti akapanda kuwoloka kamsewu kaja Loweruka lisanadutse, chinansi cha moyo wonse chithera pa moni wosayankhidwa.

“Undipatse buluguru wosalala uja,” anatero. “Ndi tomato, anyezi wamasamba, mandimu. Ndi masamba onunkhira aja, pasile ndi minti.”

“Eee! Kisiri?” Sabri anaseka mpaka kugwira pamimba. “Achimwene, mwapeza wina? Bwanji osatiuza tikonzekere kuvina?”

“Pakamwa pakopo padzakupweteketsa. Yeza zinthu ndizipita.”

Atafika kunyumba anachita zimene mwamuna aliyense wa kuno akanachita. Anati tirigu ndi m'bale wake wa mpunga, basi anatereka mphika, madzi tho, buluguru momwemo, moto waukulu. Chimene chinatuluka mmenemo chinali phala lomata, loti ukhoza kumatira khoma. Anathiramo tomato ndi masamba poganiza kuti mwina likhala bwino, koma linangosintha mtundu. Anakaika panja, ndipo amphaka a m'kamsewu, amene amadya ngakhale mapepala, ananunkhiza n'kuchoka.

Mmawa mwake anabwereranso kwa Sabri, mutu uli pansi. Wamasamba uja anayamba kuseka, koma ataona nkhope ya mkuluyo anadziletsa.

“Mwauphika? Mayo ine! Buluguru wa kisiri saona moto, achimwene. Akazi anga amangothira madzi otentha pang'ono, ongokwanira kumiza, n'kuvindikira ndi nsalu kuti afufume yekha. Kenako tsabola wofiira wopera uja, tomato wopera, mafuta a maolivi, madzi akuda a makangaza. Masamba amalowa pomaliza, zitazizira. Kupitirira apo musandifunse, nanenso amandithamangitsira pakhonde.”

Lachisanu masana anayesanso. Buluguru anafufuma bwino, ndipo mtima unayamba kukhala pansi. Anathira tsabola uja n'kutenga supuni. Anatakasa, anatakasa, mpaka phewa kuwawa, koma tsabola anangoundana timibulu, apa pofiira, apa poyera. Atalawa, kwina kunali moto, kwina kunali deya weniweni. Anaponya supuni musinki n'kukakhala pakhonde, pampando wawo wakale uja. Anakhala nthawi yaitali akuyang'ana chitseko cha kukhitchini, ngati wina atulukira.

Ali chikhalire anakumbukira mmene chitseko chimenecho chinkatsegukira masiku a kisiri. A Melahat sankachigwira ndi manja. Ankachikankha ndi chigongono, manja atawakweza m'mwamba, ofiira mpaka m'mikono. Tsiku lina anawakonza kolala ya malaya n'kusiyapo chala chofiira, ndipo a Remzi anayendetsa minibasi tsiku lonse akununkhira tsabola ndi ndimu, akung'ung'udza.

Anadzuka, nakasamba m'manja, nawalowetsa m'beseni. Buluguru anali wofundabe. Anayamba kukanda, kufinya, kupikisa pakati pa zikhatho, ndipo pang'onopang'ono timibulu tija tinasungunuka, beseni lonse n'kusanduka lofiira mofanana. Fungo limene linakwera linali la nyumba yawo ija ya kale. Apo misozi inawagwira, imene pamaliro inakana kutuluka. Analira ataimirira, manja ali m'beseni, osatha ngakhale kudzipukuta, ndipo sanasiye kukanda.

Wa Lachisanuyo anamudya okha. Loweruka analawirira kupanga wina watsopano, namuunjika m'mbale ya mzere wabuluu, nazunguliza masamba a letesi, navindikira ndi kansalu. Anatulukira khomo la kumaso. Kutsidya kunali kutaima lole, katundu atapakira kale, ndipo a Nuriye anali atakhala pakatoni pabwalo, ndodo ili pamiyendo.

“Kodi muli moyo, alamu?” anatero mayiwo osamwetulira. “Ine ndimayesa anakuikani limodzi ndi mnzanga.”

Dzanja la a Remzi linafuna makiyi, koma manja onse awiri anali pambale. Anachita kuwayang'ana a Nuriye m'maso.

“Ndabweza mbale yanu, alamu. Inatsalira pamaliro paja. Ndinalibe choikamo.”

A Nuriye anayang'ana mbale, nayang'ana munthu, nayang'ananso mbale.

“Mbale? Chaka chonse mwandithawa ngati ndili ndi khate chifukwa cha mbale yobenthuka iyi? Ine ndakhala ndikudzifunsa kuti kodi ndinalankhula chiyani pamaliro paja! Mumayesa wotaya munthu ndinu nokha? Ine ndinataya mnzanga, ndipo wolira naye ananditsekera zenera. Mukanabwera nayo yopanda kanthu ndikanakunyozani tsiku limodzi, n'kukupatsani tiyi. Amuna inu, mitu yanu mumasungiramo chiyani?”

Zonsezi zinali zoona. Mayi aja anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango, nakankha katoni ina ndi ndodo. “Khalani pansi, mukunditchinga mphepo. Bweretsani tione.”

Masupuni anali atalongedzedwa kale. A Nuriye anathyola tsamba la letesi, natapa kisiri, natafuna pang'onopang'ono ngati woweruza milandu.

“Mchere wachepa. Makangaza mwachulutsa, mumayesa ndi aulere? Pasile uyu mwadula ndi nkhwangwa?” Anatapanso. Kenako maso awo anagwera pa manja a bambowo, ofiira mpaka m'zikhadabo, ndipo mawu anatsika. “Mwakanda ndi manja. Anakuuzani ndani?”

“Palibe. Ndangokumbukira mmene ankatsegulira chitseko.”

“Ndi chigongono,” anatero a Nuriye. “Zitseko zanga zonse anazidetsa ndi zigongono zake mayi ameneyo.”

Anaseka onse awiri, kuseka kosatalikirana ndi kulira. Anadya m'mbale imodzi atakhala pamakatoni, akukamba za a Melahat, za pakamwa pawo, za tsiku limene anakalipira wapolisi mpaka wapolisiyo kupepesa. A Remzi analankhula mmawa umenewo kuposa chaka chonse chathachi. Nkhani zinali zisanafike n'pakati pomwe pamene mwana wa a Nuriye analiza hutala.

Mayi aja anadzuka movutikira. Anakatsuka mbale ija pampopi wa pabwalo, natsimphina mpaka pamkuyu wa pakona ya mpanda, nathyola nkhuyu zakupsa zimene dzanja linafikira. Anazidzaza m'mbale muja n'kuiika m'manja mwa a Remzi.

“Alamu, mbaleyi ndi yanu,” anatero bambowo.

“Ndikudziwa kuti ndi yanga. Mudzandibwezere. Ndipo isadzabwere yopanda kanthu.”

“Mpaka ku Bursa?”

“Nanga si inu dalaivala?”

Onse awiri ankadziwa za maso a bambowo ndi za mawondo a mayiwo, koma palibe anatchula. A Nuriye atakwera, lole inanyamuka. A Remzi anaima pakati pa kamsewu, mbale ili m'manja, ndipo nkhope ya a Nuriye anaionera komaliza pagalasi la m'mbali, ikucheperachepera mpaka pakona.

Nyumba ya kutsidya ndi yotsekabe, nkhuyu zimangogwera mbalame. Zenera lija a Remzi analitsegula, ngakhale kulibe woti awaone. Kukatentha mudzawapeza kwa Sabri akusankha pasile, ndipo Sabri anasiya kuwaseka. Amakanda kisiri wawo ndi manja, n'kumuika m'mbale ya mzere wabuluu, n'kukhala nayo pazenera. Mchere masiku ano amathira wokwana, koma wowauza kuti wakwana palibe.