Nkhoswe amene anafupikitsa Zomba

Chaka chimene aphungu anasamuka ku Zomba kupita ku Lilongwe, mlongo wanga anapeza mwamuna wa ku Lilongwe komweko. Amalume anati mzinda umenewo sudzakhuta. Komabe analola kuti ankhoswe abwere, ndipo ine anandiika kukhala nkhoswe wamng'ono, wonyamula mipando ndi kuvomereza.

Anafika Loweruka kwathu ku Likangala. Wolankhula anali mkulu wake wa mwamunayo, wa suti yakuda ndi nsapato zosongoka ngati zobayira nsomba. Ndikulumbira, mimba yake inayamba kulowa pakhomo, tinaipatsa moni, mwiniwake n'kufika pambuyo.

Amalume anafunsa za ulendo.

"Tayenda bwino, bambo," anatero mlendoyo. "Koma kuno ku Zedi-Ei mvula simuisowa."

Panja nkhuku inasiya kujompha. Izi ndinaziona ndi maso angawa.

"Mwati kuti?" anafunsa amalume.

"Ku Zedi-Ei, bambo. Ndi mmene timanenera kwathu."

"Ndiye mwasochera. Kuno kulibe mbeta ya ku Zedi-Ei. Mphwanga, aperekeze alendowa ku depoti."

Wobwera sangamve msanga. Zedi-Ei ndi zilembo za pa nambala ya galimoto, ndipo ife a ku Zomba timaziwerenga kumbuyo kwa galimoto ikamachoka. Likulu linachoka tikuyang'ana. Aphungu anachoka tikuyang'ana. Tinatsala ndi phiri, mvula ndi dzina basi. Ndiye munthu abwere kudzatenga mwana wathu, n'kubudulanso dzinalo?

Mlongo wanga, amene ankamvetsera kuseri kwa chitseko, anandikokera kukhitchini. Maso ali psuu.

"Achimwene, ukwatiwu ukathera pamenepa, ndidzakhala pakhomo panu mpaka imvi. Ndipo sindidzaphika."

Ankamukonda zedi mnyamatayo, ndipo ankanena zoona pa zonse ziwiri. Ndinabwerera n'kugwada pamaso pa amalume, ndikupempha kuti alendowo angolipa nkhuku monga mwa mwambo.

"Nkhuku yalakwa chiyani?" anatero amalume. Anaganiza pang'ono. "Popeza bambowa amakonda zachidule, akwere nane phiri wapansi mpaka ku damu la Mulunguzi. Tidzera yachidule."

Yachidule ndi njira ya onyamula nkhuni. Imapita kumwamba osafunsa munthu. Amalume anatsogola ndi ambulera ngati ndodo, akuimba nyimbo ya kutchalitchi. Pa kona yoyamba mlendo anavula jekete. Pa yachiwiri tayi. Nsapato zija anazinyamula m'manja. Amayi otsika ndi mitolo ya nkhuni pamutu ankamupatukira n'kumupepesa ngati wamaliro. Anyani anatitsatira chapatali, ndipo wina anapukusa mutu. Wokana akafunse anyaniwo, alipobe.

Mlendo akakomoka, ukwati watha. Akabwerera, ukwati watha. Ndinkamukankha kumbuyo amalume akayang'ana kumbali.

Tinafika. Mlendo anagwa khuu pa udzu, thukuta likuyenderera kulowa m'damu. Mlungu umenewo mipopi ya m'tauni inkatuluka madzi a mchere.

Amalume analoza damulo ndi ambulera.

"Bambo, madzi amenewa amamwa ndi anthu a kuti?"

"A ku Zo..." Mpweya unamuthera. Mayi wina anabwera ndi mbale ya masitiroberi, tinagula, tinadya, tinabweza mbale. "...mba."

"Eya!" anatero amalume. "Tsopano mwafika. Mbeta ilipo."

Ndinakhala pansi pafupi ndi mlendoyo n'kumugwira dzanja. Tinatsika pa lole ya matabwa, iye atagona pamwamba pa matabwawo. Kunyumba mlongo wanga anangoona nkhope yanga n'kuyamba kululutira yekha, mwambo kapena ayi.

Ali pabanja mpaka lero, ana anakula. Mkulu uja timakumana pa maukwati ndi pa maliro. Amanena BT, amanena LL, ngati wina aliyense. Koma akafika pa Zomba amaima kaye, n'kukoka mpweya, dzanja lili pa bondo.